Magalasi a mapepala a maswiti

Ndinawanamiza ba Tate, ndipo chisoni ndilibe, koma bodzalo landitopetsa. Ndinaika pa foni kapulogalamu kosandutsa mpira wa pa intaneti kukhala 3D, osewera azioneka ngati akutuluka m'foni. Kanangosokoneza chithunzi, wosewera aliyense n'kukhala awiri. Ine ndinadula katoni, n'kumatapo mapepala a maswiti, n'kuwaveka ba Tate ngati magalasi, ndikudikira kuti ndiseke.

Iwo anazinda mpira. "Iwe, bola yapita pafupi na mphuno yanga."

Tsopano Loweruka lililonse anzawo a mu Kanyama amadzaza nyumba, kulandirana foni yanga mpaka batire kutha. Dzulo ndinaulula kuti palibe 3D iliyonse.

"Maso yako ndiye yadwala," anatero ba Tate. "Panga magalasi yenangu, ba Mulenga babwela."