Mpopi wa a Kingstone

Ukafunsa za a Kingstone ku Milonde, anthu amati, "Aja a mipopi?" Eya, omwewo. Anaoloka mtsinje wa Muloza ali mnyamata, nkhondo ya ku Mozambique itawadyera abale onse, n'kupeza ntchito yolumikiza mapaipi pa esiteti ya tiyi. Atakwatira a Esteri anakakhala kuchikamwini, ndipo mpopi woyamba pamudzipo anakoka ndi iwo, ngalande yake kukumba okha ndi khasu. Mwana sanaone, koma banja linali lokoma.

Chaka chatha a Esteri anatisiya. Maliro atatha, akuchikazi anachita mwambo wosudzula, womasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Paja mkamwini ndi mlendo ngakhale imvi zitamumerera pakhomopo. Nyumba inagwera Sheila, mwana wa mng'ono wake wa malemu, amene a Kingstone anamulera ngati wawo. Koma kwawo kwa a Kingstone kunali kuti? Ku Milange kumene anachokera kunalibe ngakhale wowapatsa mpando.

Nthawi imeneyo mpopi uja unali utayamba kudontha. A Lackson, mlongo wake wa malemu, manyazi atawagwira poona nkhalamba ili zyolizyoli, anaponya maso kumpopi.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani. Mukonze kaye mpopiwu, za ulendo zibwera pambuyo."

Iwo anangoyankhulapo kuti pakamwa pasaume, koma a Kingstone mawuwo anawagwira ndi manja awiri. Vuto analidziwa: kalabala ka m'kati kotseka madzi kanali katadyeka. Katsopano anakagula ku Muloza, n'kukaponya m'thumba la malaya. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi sipanala, kugogoda apa, kupukusa mutu, kenako kukulunga mpopi ndi mphira ya chubu cha njinga. Pofika madzulo, tho, tho, tho, wayambiranso. Munthu amene anakoka madzi esiteti yonse, eti kulephera kampopi kamodzi! Mudzi wonse unkadziwa, koma panalibe wotsegula pakamwa. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkulu akudzinamizira umbuli kuti apeze pogona.

Miyezi inapita, pansi pa mpopi panachita matope ndi ndere. Tsiku lina Sheila, ali ndi pakati potopa, anasenza ndowa, phazi n'kuterereka, khu! chagada. A Kingstone anataya sipanala n'kuthamangira pomwepo. Mwamwayi anangosupuka chigongono, ndipo azimayi atamugwiragwira anati mwana akusewera bwinobwino. Anthu atabalalika, Sheila anakoka malaya a Kingstone n'kuwanong'oneza.

"Bambo, musakonze. Ine ndiziyenda mosamala."

A Kingstone anakhala pansi m'matope momwemo. Kani Sheila ankadziwa, ndipo anali wokonzeka kuponda ndere tsiku ndi tsiku ndi mimba yakeyo kuti iwo asachoke. Mtima unawawawa kuposa tsiku la maliro.

Masana omwewo anakatseka madzi kumsewu. Anamasula mphira yonse, n'kutsegula mutu wa mpopi, kutokosola kalabala kakale kamene kanangonyenyeka m'manja, kuika katsopano kaja, n'kumanga. Ntchito yake inatha msanga kuposa kuwiritsa tiyi. Kenako anatuta miyala ndi mchenga n'kukwirira matope onse.

Atatsegulanso madzi anaika dzanja kunsi kwa mpopi. Anadikira nthawi yaitali, mwina akuyembekeza kuti luso lawo liwagwiritsa mwala kamodzi kokha. Dzanja linakhala louma.

M'mawa mwake anamanga bulangete ndi malaya awiri pa keliyala ya njinga. Sheila ankalira, akuti akayankhula ndi amalume ake, koma a Lackson anali atalawirira kumunda dala. Sipanala anamusiyira Sheila, n'kumuonetsa pogwira.

"Ukadzayambanso kudontha, tidzakupezani kuti?" anafunsa.

"Sudzadontha, mwanawe. Ndakonza ndine."

Anakankha njinga kulowera njira ya ku Muloza, osakwera.