Chifuwa cha pa Pemphero la Ambuye

Chiikireni maliro a mkazi wanga Esinala ku Mbombwe, ndimatsokomola m'tchalitchi. Ndine ndimatsogolera Pemphero la Ambuye, ndipo tikafika pa mawu akuti "kufuna kwanu kuchitidwe," ndimagwira pakhosi, mpingo n'kupitiriza wokha. Chifuwa ndilibe. Ku koleji ya zaubusa ndinkamasulira bwino za chifuniro cha Mulungu, koma kuvomera kuti anafuna Esinala afe pobereka, pakamwa panga pakukana.

Lamulungu lapitali mlamu wanga anandipatsa mizu yowawa. "Alamu, chifuwa chanuchi n'chophunzira ngati mwini wake. Chimadziwa ndi vesi lomwe."

Ndinathokoza, ndinawiritsa, ndinamwa. Ndayesa mawuwo ndekha m'nyumba, chogwada, koma ndimangolekezera pa "kufuna." Ndikuopa kuti chisomo chikudikira mawu otsalawo.