Chitseko Chimene Ndinatseka ku Kaphuka

Ndinaganiza zochoka chaka chimene tinavotera zipani zambiri. Anzanga ankavina m'misewu, ine ndikuyang'ana mtengo wa feteleza. Malipiro a uphunzitsi wa ku sekondale ankatha mwezi usanafike pakati, ndiye yunivesite ina ya ku Botswana itandiitana kukaphunzitsa masamu, sindinafunse kawiri. Bambo, amene anali katekisiti wopuma kwathu ku Kaphuka, anandiperekeza mpaka pa Linthipe. Basi ikubwera anangoti, "Pita, Damiano. Koma kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Ku Botswana ndalama inalipo, ocheza nawo ndiwo kunalibe. Lamulo la kuntchito linali lakuti mphunzitsi azipezeka mu ofesi tsiku lonse, chitseko chili chotsegula, kaya ali ndi kalasi kaya alibe. Ndinkakhala m'menemo ngati nkhuku yofungatira mazira. Lamlungu ndinkapita ku misa ya Chitswana kuti ndingomvako anthu akuimba, ndipo ndikabwerera kunyumba ndinkasungulumwa kuposa poyamba. Mauthenga akumudzi ankabwera ndi madalaivala a mathiraki amene ankaima pa Chimbiya kugula kachewere, ndipo ankandipeza atazizira kale.

Patapita zaka zingapo, uthenga wina unafika wakuti bambo afa ziwalo mbali imodzi. Nthawi imeneyo n'kuti yunivesite ikuyambitsa maphunziro a anthu ophunzira ali kwawo, ndipo inkafuna munthu woti alembe buku la masamu. Mkulu wa dipatimenti yathu, mayi wosakonda mawu ambiri, anandiuza kuti kwa teremu imodzi ndikhoza kulembera kulikonse. "Nkhope yako sindikuifuna, ndikufuna bukulo," anatero. "Likachedwa, ntchito yako yathera pomwepo." Ndinaona ngati Mulungu wandiyankha: ndikasamala bambo, ntchito osataya.

Kumudzi ndinaika tebulo m'chipinda chakumapeto n'kutseka chitseko. M'mawa ndinkawasambitsa bambo n'kuwatulutsa panja kuti aothere dzuwa, kenako ndinkalemba mpaka madzulo, nditafunda bulangete chifukwa cha kuzizira kwa mu Juni. Mayi anga anadzisandutsa mlonda. Munthu akati "Odi!" ndinkawamva akunong'ona monyadira: "Ali pa ntchito. Ntchito yake ndi ya ku yunivesite, sasokonezedwa." Ine ndinkathokoza mumtima. Kukagwa maliro kutsidya kwa dambo, ankati, "Inu lembani. Ine ndikakuimirirani, chipepeso ndikapereka." Chipepeso changa sichinali chochepanso ayi. Mayi ndi ine tinkaona ngati tikuchita bwino kwambiri.

Bukulo ndinakalitumiza pa positi ku Dedza boma nthawi yake isanakwane. Sabata yotsatira bambo anatisiya.

Tsiku loika maliro kwaya inaimba, ansembe anafika, koma uthenga wochokera kumanda wakuti dzenje latha sunabwere. Dzuwa litakwera, amalume anandikodola, tinapita kukaona. Tinapeza adzukulu, amene amakumba manda m'mudzi mwathu, atakhala pansi, makasu atawagoneka. Nthaka anali asanaikhudze n'komwe. Wotsogolera anali Gelevazio, amene tinkakhala naye benchi imodzi ku pulayimale.

"Takudikirani, aphunzitsi," anatero. "Mwina lero mwapeza mpata."

Amalume anayamba kupepesa, akutchula nkhuku, kenako mbuzi. Ine mtima unandipsa. Ndinati, "Gelevazio, zaka zonse zimene ndinali kunja, maliro angati agwa kuno? Munandifunsapo kanthu?"

"Ayi. Wakutali sitimuwerengera mlandu. Mukanakhala muli ku Botswana, bwenzi pano tatha kalekale, pakuti bambo anu anaika anthu ambiri m'manda muno. Koma mwana wanga tinamuika inu muli pompano. Pochoka kumanda tinadutsa pazenera panu, tinakuonani mutu uli pa pepala."

Sindinkadziwa kuti maliro ena mwa aja anali a mwana wake. Mayi ankangoti kwagwa maliro, ine n'kupisa m'thumba.

Ndinavula jekete ndi nsapato n'kutola khasu. Kwathu kuno mwana sakumba manda a bambo ake, ndipo manyazi ndinawamva mpaka m'mafupa. Manja ozolowera choko anatuluka matuza dzenje lisanafike m'maondo. Kenako Gelevazio anadzuka, analowa m'dzenjemo n'kundilanda khasu.

"Tulukani, mukalire bambo anu."

Ndinabwerera ku Botswana, kumene bukulo analiyamikira, ndipo ntchito ndinapitiriza mpaka ndinakalamba nayo. Mkulu uja sanandifunsepo kuti ndinkakhala pati polemba. Lero ana anga amagwira ntchito pa foni ali pakhonde, amati munthu akhoza kugwirira ntchito kulikonse, ndipo n'zoona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ulendo usanandichotse, mudzi unali kale ndi lamulo lake la kapezekedwe, lokhwima kuposa la ku yunivesite. Ukakhala kutali amakusungira malo. Ukakhala pafupi, malowo umayenera kukhalapo wekha.

Ndisanakwere basi yobwerera, ndinapita kwa Gelevazio. Sindinatenge kanthu m'manja. Anandiyalira mphasa, tinakhala masana onse tikuyang'ana minda ya kachewere, mawu ali apo ndi apo. Dzuwa litapendeka ndinafunsa dzina la mwanayo. Amene anayankha anali mkazi wake, chifukwa Gelevazio analephera kulitchula.