Amayi Amene Sanakwane M'foni

"Amayi anga mwawaika kuti?"

Anafunsa ndi mwana wa zaka zinayi, atagwira foni ya amayi ake aakulu ndi manja awiri, akuigwedeza ngati bokosi la machesi. Amayi aakuluwo anayang'ana kudenga. Amuna awo, amene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo, anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zomwe anali atamasula kale. Mayi wake weniweni wa mwanayo anali ataima pakhomo, chikwama chili m'manja, fumbi la m'basi lili m'tsitsi.

Inu amene mukuona ngati moyo wakutsekerani chitseko, tamvani za mayi ameneyu.

Kusukulu anzake ankamutcha Mafunso, chifukwa mphunzitsi akati, "Pali funso?" pofuna kutuluka, dzanja lake linkakwera. Koma kufunsa kwambiri sikunamupulumutse pa mayeso omaliza a sekondale. Analephera. Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi. Bambo wa mwanayo anati akukagula mayunitsi, ndipo zikuoneka kuti mzere wake unali wautali, chifukwa mpaka lero sanabwere.

Mwana atayamba kukwawa, Mafunso anamusiya kwa mkulu wake n'kupita kumzinda wakutali, kukachapa nsalu za pabedi pahotela ina. Lamlungu lililonse ankaimba foni yoonana nkhope. Mkulu wake ankakhazika mwana pamiyendo, n'kuloza foniyo, n'kunena kuti, "Awo amayi ako, apatse moni." Zinayenda choncho mpaka hotela inatsekedwa. Mafunso anagulitsa foni yake kuti apeze yokwerera basi, ndipo anabwerera ndi chikwama chomwe anapita nacho, chitangopepukirako.

Kutacha mkulu wake anayesa kukonza zinthu.

"Iwe, amayi ako ndi awa. Abwera."

Mwanayo anamuyang'ana Mafunso kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ngati munthu woyeza nsalu. Kenako anatembenukira kwa amayi aakulu aja.

"Ayi. Inu ndinu amayi aakulu. Amayi anga ndi aang'ono, amakhala umu." Analoza foni. "Awa sangakwanemo."

Wowotcherera zitsulo uja anaseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, mwana sananame. Umu simungakwane. Mwina mutachepetsako buledi."

Mafunso anaseka nawo. Kenako analowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti zina zisamveke.

Mwanayu m'nyumbamo ankamutcha Kachala, chifukwa chilichonse ankachisuntha ndi chala monga amachitira pafoni. Tsamba la buku, galasi la windo, ngakhale kalendala ya pakhoma. Tsiku lina Mafunso anawerama kuti amumange nsapato, mwanayo anamudutsitsa chala pankhope kuchokera kumanja kupita kumanzere, n'kudikira kuti pabwere nkhope ina. Itapanda kubwera, anangochokapo.

Dzina limene anamupatsa mayi wake linali "alendo". "Alendo aja adya?" "Alendo apita liti?" Mafunso anayesa masiwiti. Kachala analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo alendo." Anayesa kumusokera diresi. Anayesa kukalipa, mwana anakabisala kumbuyo kwa amayi aakulu.

"Usamukakamize, azolowera," anatero mkulu wake, akumupesa mwanayo tsitsi. Kenako anawonjezera chapansipansi: "Mwana amadziwa amene wamupukuta mamina."

Sanalankhule mwachipongwe. N'chifukwa chake zinapweteka.

Pasukulu ya mkaka pomwe Kachala ankapita pankafunika munthu wosesa. Mafunso anailandira ntchitoyo. Ankasesa, kutsuka makapu, kupukuta pomwe ana ataya madzi ndi zina zosachita kutchula. Koma chizolowezi sichifa. Ankapezeka ataima pakhomo la kalasi, tsache lili m'manja, akuyang'ana. N'chifukwa chiyani mwana uyu amalira amayi ake akamapita, pomwe uyo amalira akabwera kudzamutenga? N'chifukwa chiyani ana amafuna nkhani imodzimodzi kambirimbiri, ndipo ukasintha liwu limodzi amakudzudzula?

Ahedi a pasukulupo anali mayi wamtali wa magalasi, woti akaima pakhomo kuwala kumachepa. Mafunso anaona kuti mayiyu salankhula ndi mwana ali chiimire. Nthawi zonse ankagwada kaye.

"Ahedi, kodi mawondo samakupwetekani?"

"Amapweteka, nanga n'ngachitsulo? Koma inu mukakhale pansi tsiku lina, muone zomwe mwana amaona akatiyang'ana."

Masana ake Mafunso anakhala pansi pakhitchini n'kuyang'ana m'mwamba. Anaona mawondo a mkulu wake, chidebe chikudutsa, chibwano, ndi mabowo awiri a mphuno.

"Wataya chiyani pansipo?" anafunsa mkulu wake.

"Palibe, akulu. Ndikungoona."

Anayamba kuganiza. Pafoni paja mwana ankaona chiyani? Nkhope yokha, pafupi, yofanana msinkhu ndi yake, yomwetulira, yopanda kothamangira. Ndipo chibwerereni wakhala akuona chiyani? Mayi wamtali wa nkhope yomangika, wodutsa ndi chidebe.

Anabwerera kwa Ahedi ndi funso lina, ulendo uno atawafotokozera nkhani yonse.

"Kodi mwana amadziwa bwanji kuti liwu ili ndi la chinthu ichi?"

"Amayang'ana chimene wamkulu akuloza. Mkulu wanu ponena kuti 'amayi' ankaloza chiyani?"

"Foni."

"Ndiye mwana wanu sanalakwitse. Anaphunzira bwino kwambiri zomwe anaphunzitsidwa. Musalimbane naye. Kayambireni pomwe iye ali."

Loweruka masana Mafunso anakapempha katoni ya sopo kugolosale. Anaboola kawindo ndi mpeni, nadetsa m'mbali mwake ndi polishi wa nsapato. Anaiika patebulo laling'ono la pabalaza, nagwada kumbuyo, nadzifunda nsalu kuti thupi lisaoneke, n'kulowetsa mutu. Munkanunkha sopo moti anatsala pang'ono kuyetsemula. Kenako analira ngati foni.

"Halo? Halo? Kachala ali pamenepo?"

Phazi la mwana linaima pakhomo. Kenako anathamanga.

"Amayi! Munali kuti?"

"Netiweki inavuta, mwanangu. Tandiuza, kuli bwanji kumeneko?"

Mwana uja amene kwa milungu yonseyo sanamuuzepo mawu oposa atatu anamasuka ngati mpopi. Ananena za mphaka wa aneba, za mnzake amene anameza batani, za nsapato zake zothina. Kenako anatsitsa mawu.

"Kwathu kuno kwabwera alendo. Amagona m'chipinda changa."

"Ndi abwino?"

"Kaya. Amapereka masiwiti. Koma amalira kubafa, amaona ngati sindimva."

Tsiku limenelo Mafunso sanatuluke m'katonimo mpaka mwana ataitanidwa kukasamba. Mwendo unali utachita dzanzi.

Anabwereza Loweruka lotsatira, ndi linanso. Mlamu wake akamadutsa ankagogoda pamwamba pa katoni. "Mlamu, ikugwira bwino umo? Ndibwerekeniko ndiimbire abwana." Mneba wina anamutengera mkulu wake pambali n'kumufunsa ngati mng'ono wakeyo anabwerako bwinobwino kumzinda kuja. Mafunso anamva, koma sanasiye.

Tsiku lina Kachala, ali mkati mofotokoza nkhani, anatambasula chala monga mwa chizolowezi. Chalacho sichinagunde galasi. Chinagunda tsaya.

Anachisiya pomwepo.

"Amayi, mukutentha."

Mafunso anatulutsa dzanja pang'onopang'ono pakawindo paja. Mwanayo analiyang'ana, naligwira, naliwerenga zala. Kenako anazungulira tebulo, nakweza nsalu. Anaona miyendo, ndi diresi la maluwa la alendo aja. Anabwerera kutsogolo n'kuyang'ana nkhope. Anapitanso kumbuyo. Anachita zimenezi nkhope itakwinyika ngati ya munthu amene akuwerengera masamu ovuta.

"Mwakula liti?"

"Pang'onopang'ono. Ngati iweyo."

Musaganize kuti zinathera pomwepo n'kukumbatirana. Kachala anapita kukasewera panja, ndipo mawa lake anafunsanso ngati alendo adya. Kenako kwa kanthawi dzina linakhala "amayi a m'katoni". Mafunso analilandira, poti linali kale kukwezedwa pantchito. Anazolowera kugwada akamalankhula naye, kuyika chidebe pansi kaye, kumvetsera nkhani ya batani mpaka kumapeto ngakhale anali ataimva kale.

Kenako tsiku lina pabwalo la sukulu Kachala anagwa n'kusupuka bondo. Anadzuka akukuwa kuti, "Amayi!" Anadutsa mphunzitsi wake, anadutsa Ahedi, n'kukadziponya pa mayi wa tsache. Mafunso anamunyamula, tsache likugwera uko. Anangomufungatira. Ankaopa kuti akalankhula mwana asintha maganizo.

Ahedi anali ataona zonse. Atamva za katoni ija, anamupempha Mafunso kuti aibweretse kusukulu, ndipo ana amanyazi, aja ongoyamwa chala pakona, anayamba kulankhula akaika mutu pakawindo. Ena ankaimba, ena ankanena nkhani za kunyumba zomwe makolo awo sakanakonda kuti zimveke.

"Mafunso anuwa ali ndi mabuku ake," Ahedi anamuuza. "Ine ndakuyankhani omwe ndikudziwa. Otsalawo kawafunseni kusukulu."

"Pamsinkhu uno, Ahedi? Ndinalephera kale ine."

"Munalephera mayeso. Kufunsa simunalephere."

Analembetsa makalasi a Loweruka ndi Lamlungu, nakhala pabenchi limodzi ndi achinyamata omutcha "anti" ndi kumubwereka cholembera osabweza. Analemba mayeso. Masamu anamukana kachiwiri, mopanda ndi manyazi omwe. Mlamu wake anati mwina ayese kulembera m'katoni. Mkulu wake sanaseke. Anangomuchotsera ntchito yochapa ya Loweruka, n'kunena kuti, "Zisiye izo, kawerenge."

Nthawi imeneyo Kachala anali atayamba pulayimale. Akaweruka ankakhala patebulo limodzi, wina ndi homuweki yake, wina ndi yake. Mwana ndiye ankafunsa mayi ake matebulo a kuchulukitsa, ndipo anali mphunzitsi wankhanza. "Ayi amayi, bwerezani. Osayang'ana kudenga, kulibe yankho."

Ulendo wachitatu anakhoza. Analowa koleji ya aphunzitsi a ana aang'ono, ndipo atamaliza anabwerera pasukulu yomwe ankasesa ija, napatsidwa kalasi yakeyake. Tsiku loyamba anapezeka atatenga tsache asanazindikire kuti pali wina wolembedwa ntchito imeneyo.

Makolo ankabwera kudzadandaula kuti ana awo sachoka pafoni, akuyembekeza kuti mphunzitsi aitukwana foniyo. Iye sankatero.

"Foni ndi imene inandisungira nkhope yanga kwa mwana wanga," ankawauza. "Ikanapanda iyo, bwenzi ndilibe poyambira. Koma ilibe miyendo yoti mwana akhalepo. Akamaonera, khalani naye. Lozani, funsani, mulekeni akufotokozereni. Ndipo muzisamala chimene mukuloza."

Ena ankamvera. Ena ankagwedeza mutu maso ali pafoni zawo.

Inu amene mwabwerera kwanu chimanjamanja, amene mayeso anakukanani, amene mwana wanu amakuyang'anani ngati wodutsa m'njira: mtima usagwe. Mayi uyu analibe foni, analibe satifiketi, analibe ngakhale dzina m'kamwa mwa mwana wake. Chomwe sanasiye ndi kufuna kudziwa chifukwa chake zinthu zili momwe zilili. Pomwe ena akanangolira, iye analira ndithu, kenako anafunsa. Ngati mwagwa, yang'anani bwino muli pansi pomwepo. Pali zina zimene zimaoneka kwa wokhala pansi yekha. Ndipo mukaziona, dzukani.

Chaka chatha koleji ija inamuitana kuti akaphunzitse aphunzitsi anzake. Kolejiyo inali itasamukira kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Nyumba yomwe anamulonjeza inali ya chipinda chimodzi, ndipo sukulu yapafupi sankaidziwa n'komwe.

Mkulu wake anali atakonza kale zonse m'mutu. Anamupeza akupinda zovala pabedi, nakhala m'mphepete.

"Upite, mwayi subwera kawiri. Mwanayu umusiye kuno. Sukulu waizolowera, anzake ali kuno, ifenso tilipo. Ukakhazikika uzibwera patchuthi."

Wowotcherera zitsulo anasuzumira pakhomo. "Komanso akatichokera, ndani azindiwerengera mamesenji? Maso anga anatha ndi moto."

Kachala anali pakhonde, akunamizira kuwerenga buku lomwe tsamba lake silinatembenuzidwe chiyambire nkhaniyo.

Mafunso anapinda siketi yake n'kuiika m'chikwama. Kenako anatenga yunifolomu ya mwana, naipinda bwinobwino, naiika pamwamba pake.

"Ndikupita, akulu," anatero. "Tikupita awiri."