Ana Khumi ndi Awiri Opanda Siginecha

Mlongo wanga, chitsiriza wa m'mimba mwa amayi, anakolopa chipatala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanavale yunifomu ya unamwino. Ndikunena kukolopa kwenikweni: ndowa, chikolopa, magazi, masanzi, nsalu zoti munthu wina sangazigwire ngakhale ndi ndodo. Analowa ntchitoyi ali ndi zaka makumi awiri, bambo atangomwalira. Ine ndinali kalaliki wa kukhoti, ana asanu m'nyumba, ndipo ndinalephera kumubweza kusukulu kuti akakonze sayansi imene inamugwetsa pamayeso. Mlandu umenewo ndi wanga, sindiukana. Milandu inayo ndi ya anthu ena.

Anamuika ku wodi ya azamba. Pokolopa ankaona zonse. Patapita zaka zisanu ankatha kuyang'ana kayendedwe ka mayi woyembekezera pakhonde n'kunong'oneza namwino kuti, "Uyu musamubweze panja, sadikira ola." Anamwino ankaseka, kenako ankathamanga.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri anabwereza sayansi pasukulu ya Loweruka, pakati pa ana amsinkhu wa mwana wake, ndipo anakhoza. Njira ya digiri, ija ili ndi ngongole ya ophunzira, inali ya ana ongochoka kumene kusekondale okhala ndi malikisi okwera. Kwa munthu ngati iye kunatsala dipuloma ya zaka zitatu. Imeneyo umadzilipirira wekha, apo ayi chipatala chimene ukugwirako chimakulipirira, iwe n'kusaina kuti ukamaliza udzachigwirira zaka zitatu. Fomu ya chipatalayo inkafuna kalata ya sisitala wamkulu wa wodi yako.

Sisitala wamkulu wa wodi ya azamba anali mayi wamtali wamagalasi, amene ogwira ntchito onse ankamutcha aBweramawa, chifukwa palibe pepala limene anasainapo tsiku limene lafika patebulo pake. Chaka choyamba fomu ya mlongo wanga inasowa m'dirowa. Chaka chachiwiri kalata inalembedwa bwinobwino, patadutsa masiku anayi kuchokera tsiku lotsekera. Chaka chachitatu aBweramawa anatopa nako kunamizira.

"Ukapita kusukulu iweyo, wodi ino andikolopere ndani? Aliyensetu ali ndi mphatso yake, mayi."

Malo a chaka chimenecho anapita kwa mwana wa msuweni wawo. Mwanayo anakomoka ataona magazi tsiku loyamba, teremu isanathe n'kuthawa. Lero amagulitsa machaja a foni pafupi ndi siteji ya basi. Ndimadziwa pamene pali benchi lake, ndipo foni yanga ikhoza kufa ndi njala, sindingagulepo.

Tsiku lina masana mlongo wanga anandipeza ndikuwerenga nyuzi pakhonde.

"Achimwene, ndasiya ntchito."

"Wasiya kapena akuchotsa?"

"Ndasiya ndekha. Koleji yanditenga. Kwatsala fizi."

"Fizi yake yochuluka bwanji?"

Anaitchula. Teremu imodzi inali malipiro ake a miyezi isanu ndi umodzi. Ndinapinda nyuzi ndi kupempha madzi akumwa.

Ndalama imene anamupatsa potsanzikana ndi chipatala inakwana teremu yoyamba basi. Alamu anga, mwamuna wake, ndi atelala. Anali ndi makina awiri, anagulitsa abwinowo n'kutsala ndi achikale opalasa ndi phazi, ndipo pa omwewo anamusokera mayunifomu atatu. Ine ndinali nditangolandira ndalama yanga yopumira pantchito, imene ndinkafuna kusinthira malata. Inapita kukoleji. Ndipo asakunamizeni kuti fizi ndiye zonse. Pali nsapato zoyera, wotchi ya pachifuwa, chopimira kuthamanga kwa magazi, ndalama yolembetsera dzina ku bungwe la anamwino, ndiponso lendi ndi chakudya nthawi iliyonse akakutumiza kukaphunzira ntchito kuchipatala chakutali. Iliyonse imabwera ndi kakalata kake, nthawi zonse Lachisanu.

M'kalasi anzake ankamutcha Azakhali. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri pakati pa ana amene ankakwawa iye akukolopa kale. Ankamuseka kalembedwe kochedwa, koma tsiku lophunzira kutembenuza wodwala pabedi onse ankakanganirana kuima pambali pake.

Chaka chachitatu ndi cha uzamba. Wophunzira aliyense amapatsidwa buku la mizere makumi anayi. Mzere uliwonse ndi mwana mmodzi amene wabadwira m'manja mwake: tsiku, nthawi, kulemera kwa mwana, ndipo kumapeto siginecha ya mzamba amene anamuyang'anira, yosainidwa mzambayo asanaweruke. Popanda siginecha makumi anayi, mayeso a bungwe la anamwino sulemba. Umabwereza chaka, fizi n'kulipiranso yonse.

Koleji inamulola kusankha chipatala. Ndine amene ndinati asankhe chakale chomwecho, poti n'chapafupi, aziyenda wapansi, tisalipire lendi. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera.

Tsono apa ndi pamene analakwitsa, kulakwitsa koti mwana wochoka kusekondale sangakuchite. Anzake aja, mwana akangolira, mchombo wadulidwa, mayi waonedwa, ankavula magolovesi n'kuthamanga ndi buku kukhwapa kukagwira mzamba asanatuluke. Za bedi ankasiyira okolopa. Mlongo wanga manja ake sankamulola. Ankapukuta mayi uja bwinobwino, kumusinthira nsalu, kutsuka bedi, kuviika zitsulo m'mankhwala, ndipo akaona wokolopa watsopano akupaka magazi pansi m'malo mowachotsa, ankamulanda chikolopa kuti amuonetse. Pofika kutebulo ndi buku, mzamba wapita. Azamba ena ankamudziwa, ankamudikira kapena kumutsatira ndi cholembera. Koma masiku amene woyang'anira anali aBweramawa, mzere unkatsala woyera. Iye ankangoti asaina, si tinagwirira limodzi zaka zonse zija.

Nthawi yake m'wodimo itatha, ana anali makumi anayi ndendende, koma khumi ndi awiri analibe siginecha. Gulu lina la ophunzira linali litalowa kale, mabedi onse ali ndi eni. Kunatsala masabata atatu kuti mabuku aperekedwe kukoleji.

Anapita kuofesi ya aBweramawa masiku anayi otsatizana. Tsiku lachisanu anamuyankha pamaso pa ophunzira atsopano aja.

"Ine ndimasaina zimene ndaona. Iwe ndinakuona ukukolopa."

Madzulo a tsikulo tinakhala atatu m'shopu ya alamu anga. Panalibe choti tigulitsenso kupatula makina opalasa aja, amene amadyetsa nyumba yonse. Alamu anga anawasisita n'kunena kuti mwina angapeze wogula.

"Mukagulitsa amenewo ndikukolopani pamodzi ndi shopuyi," anatero mlongo wanga.

Ine ndinali nditalemba kale kalata ya masamba asanu yopita ku bungwe la anamwino. Ndinayamba kuwawerengera.

"Achimwene, Chingerezi chanucho chimaopsa inu nokha. Kalatayo akadzayankha, mayeso atalembedwa kalekale. Ndipatseni ya fotokope basi."

"Ukajambule chiyani?"

"Makadi a amayi. Wolandira mwana ndi amene amalemba pakhadi la mayi nthawi, kulemera, ndi dzina lake. Onse khumi ndi awiriwo dzanja lake ndi langa. Ndipo mwana akakwana masabata asanu ndi limodzi amabwera naye kusikelo kudzalandira katemera."

Kuyambira mawa lake, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ankakhala pabenchi la kusikelo kuyambira m'mawa, buku pamiyendo. Sanafunikire kufunsa mayina. Ankawazindikira nkhope, ngakhale anawaona ali pa ululu. Iwonso ankamuzindikira. Wina anamukhazika mwana pamiyendo n'kuti, "Muoneni munthu wanu, akudya ngati wolipidwa." Ine ntchito yanga inali kuthamanga ndi khadi kukajambulitsa tsidya la msewu ndi kulibweza mwana asanabayidwe. Pamasabata awiri tinapeza asanu ndi anayi. Ena awiri, amene anatilozera kwawo ndi wopima ana pasikelopo.

Wakhumi ndi chiwiri sanabwere. Titafufuza tinamva kuti mwana wake anamwalira ndi chibayo ali ndi masabata atatu. Ndinati tipite tikapemphe khadilo mwaulemu. Mlongo wanga anati apita yekha, ndipo sakapempha kanthu, akungokapepesa. Anakhala ndi mayiyo masana onse. Potsanzika, mayiyo anamufunsa za sukulu, iye n'kungoti zikuvutako pang'ono ndi mapepala. Mayi uja anafunsitsa mpaka anamva zonse. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi khadi lokulungidwa m'pulasitiki.

"Tengani. Onse atachoka, inu ndi amene munatsala n'kundipukuta."

Changa pankhani yonseyi chinali chimodzi, chimene ndinaphunzira kukhoti: pepala limodzi silitsutsa munthu, koma awiri. Ndinamuuza kuti akapereka makadi kwa aphunzitsi ake a uzamba, awapemphe kuti akaitanitse kaundula wa wodi, buku lalikulu lija lolembamo mwana aliyense wobadwa ndi dzina la mzamba amene analipo.

Aphunzitsiwo, amene ophunzira ankangowatcha Madamu, anali mayi wamfupi wosakonda kukweza mawu. Anapita kuchipatala kutatsala masiku awiri. Ine ndinalowa nawo monga wonyamula mafayilo, ndipo palibe amene anandifunsa. Munthu wa imvi wovala tayi safunsidwa m'maofesi.

ABweramawa anatilandira atakhala. Madamu anayala makadi patebulo, khumi ndi awiri, kenako anapempha kaundula. Anatsegula tsiku loyamba, chala n'kutsetsereka mpaka kumapeto kwa mzere. Dzina la mzamba woyang'anira linali la aBweramawa, lolembedwa ndi dzanja lawo. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mpaka onse.

"Sisitala, ndithandizeni," anatero Madamu. "Kaundula akuti munalipo pa ana onsewa. Inu mukuti simunaone. Ndikalembe ziti mu lipoti langa?"

"Wodi ndi yaikulu, Madamu. Munthu sangaime pabedi limodzi."

"Ndiye kuti wophunzira wanga anatsala yekha ndi mayi wobereka kakhumi ndi kawiri, inu n'kulemba kuti munalipo?"

Aliyense pachipatalapo ankadziwa kumene aBweramawa amakhala nthawi ya masana. Anali ndi kashopu kunja kwa geti kogulitsa nsapato zoyera ndi mawotchi a pachifuwa kwa ophunzira, ndipo kaundula ankamudzaza pobwerako, asanaweruke. Kunena kuti sanaone kunali kuika chiphaso chawo cha ntchito patebulo. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Bweretsa bukulo."

Mlongo wanga analitsegula n'kuliika pamaso pawo ndi manja awiri. Anasaina woyamba. Ine ndinati, "Mmodzi." Mlongo wanga anandiponda phazi, ndiye enawo ndinawerengera mumtima, koma milomo inkayenda ndipo ndinaonetsetsa kuti aione. Atafika pa wachisanu ndi chitatu anaika cholembera pansi.

"Ndili ndi odwala. Otsalawa ndimaliza mawa."

"Lero, sisitala," anatero Madamu, osadzutsa mutu. "Odwalawo akhala akudikira masana ambiri."

Pa zaka makumi atatu za kukhoti ndinaona akuba ng'ombe akumangidwa ndi mabwana akulira pamaso pa woweruza, koma sindinamvepo kukoma konga kwa siginecha zinayi zomalizazo. Yomaliza inaboola pepala.

Mlongo wanga anatseka buku n'kuti, "Zikomo, sisitala." Anagwada pang'ono. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Analemba mayeso ndipo anakhoza ali ndi zaka makumi anayi. Panopa ndi mzamba pachipatala china chaching'ono, amakwera mabasi awiri kuti akafike. ABweramawa sanachotsedwe ntchito, sanaitanidwe kulikonse. Anapuma ndi phwando, anzawo n'kuwasonkhera firiji. Koma lipoti la Madamu linachita kake: koleji inasiya kutumiza ophunzira ku wodi imeneyo kwa zaka ziwiri, ndipo nsapato zoyera zopanda ophunzira sizigulidwa. Kashopu kaja kanatsekedwa, katundu wotsala n'kugulitsidwa pamtengo wotaya. Lero muli munthu wokonza njinga. Sabata iliyonse ndimadutsa pamenepo dala, ngakhale si njira yanga, ndipo wokonza njingayo ndimamupatsa moni wamphamvu.

Mlongo wanga anamva zimenezi kwa alamu anga, amene sasunga mawu.

"Achimwene, zisiyeni. Mayi uja wakalamba, shuga wamugwira. Ine ndinaiwala kale."

"Iwe iwala, uli ndi ntchito," ndinatero. "Ine ndinapuma. Nthawi ndili nayo."