Alamu Anga Ankawerenga Chobwerera

Alamu anga, amuna a malemu achemwali anga, anagwira ntchito kunyumba yosindikiza mabuku kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu. Ntchito yawo inali yosaka zolakwika m'zolemba za Chingerezi zisanapite ku makina. Anali ndi kachipinda kawo kuseri kwa makinawo, kopanda zenera, muli tebulo, rula yachitsulo ndi chitini chodzaza zolembera zofiira. Anzawo ankawatcha a Timawu, ndipo dzinalo ankalikonda, poyankha mano onse ali panja.

Timawu take ndi tija ta Chingerezi totsatira mneni, ti "to", ti "at", ti "for". Alamu ankati mawu akuluakulu aliyense angaloweze m'dikishonale, koma pa timawuti m'pamene munthu amagwidwa kuti Chingerezicho anachita kubwereka. Kumvera kuli ndi kake, kuyang'ana kuli ndi kake, kudikira kuli ndi kake, ukangosokoneza basi wadzivula pagulu. Ankalalikira zimenezi patebulo chakudya chikuzizira, ife tikungoti inde alamu, zoona alamu, m'mimba mukulira.

Kawerengedwe kawo kanalinso kawokawo. Ankayambira pa chiganizo chomaliza n'kumakwera m'mwamba, rula itabisa mizere inayo. Ankati ukayambira koyambirira nkhani imakuba mtima, maso amagona, cholakwa n'kukudutsa pamphuno. Kuntchito zinkathandiza, sindikana, buku lodutsa m'manja mwawo linkatuluka loyera. Koma ngakhale makanika amavula ovolosi akaweruka. Alamu ayi ndithu, rula ija ankabwera nayo kunyumba m'thumba la jekete.

Mwana anali mmodzi yekha, mtsikana, tinkamutcha Chete. Pakamwa anali wolemera, kuti akuyankhe unkachita kumukumba, koma ukam'patsa pepala zonse za mumtima zinkatuluka. Bambo ake analamula kuti chilichonse cholembedwa m'nyumbamo chizikhala cha Chingerezi. Mwana akasiya kapepala patebulo konena kuti wapita kukagula sopo, pobwera ankakapeza katadonthezedwa zofiira. Achemwali ankangoseka, amvekere asiye, chikondi chawo n'chomwecho. Ine sindinkaseka nawo.

Chete atangomaliza sekondale, achemwali anadwala n'kugonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Tinkasinthana kuwadikirira, ine ndi mwanayo. Alamu ankabwera Lamlungu lokha, chifukwa kuntchito kunali chintchito cha mabuku a sukulu, ndipo ankati akasiyira wina mabukuwo atuluka ndi manyazi. Bedi la achemwali linali pazenera loyang'ana kugeti. Nthawi yoona odwala ikamayandikira ankapempha kuti tiwatsamiritse pilo, tiwapatse chipeso, n'kumayang'ana anthu akulowa ndi majumbo awo. Sankadandaula, ndipo n'zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri. Anatisiya mkati mwa sabata, alamu ali pa rula yawo.

Maliro atatha, Chete sanalire. Anadzitsekera kuchipinda n'kumalemba. Tsiku lina anandibweretsera masamba angapo a zolemba zakezo kukhitchini n'kuimirira pakhomo akuluma chikhadabo. Chingerezi changa n'chogulira tomato, koma ndinamva zonse. Analemba za chipeso chija, mmene dzanja la mayi ake linkanjenjemerera, mmene ankabisira mbale yosanziramo pansi pa bedi kuti amuna awo akabwera asaione. Ndinalira mpaka anyezi anapserera pamoto. Mwanayo anati chimene akufuna n'chimodzi, bambo ake awerenge, adziwe mmene masiku aja analili, anenepo kanthu. Pakamwa sakanatha kuwauza, ndiye anawalembera m'chinenero chokhacho chimene ankalola papepala.

Ndinawapititsira alamu masambawo pabalaza. Ndinawauza kuti izi si za kuntchito, ayambire pamwamba ngati munthu, cholembera achisiye m'thumba.

"Mlamu, musandiphunzitse ntchito yanga," anatero akupukuta magalasi.

Anakhala patebulo, kutembenuza tsamba lomaliza, kutulutsa rula. Ine ndinatuluka panja kuopa kuchimwa.

Masambawo anabwerera kwa mwana ali psuu ngati anazingirapo nkhuku. Panali mzere wina wonena kuti mayi anadikira amuna awo mpaka namwino anatseka chitseko. Pamenepo alamu anaikapo kachizindikiro, n'kulowetsa "for", m'mphepete n'kulemba bwinobwino kuti mneni ameneyu sayenda yekha. Abale inu! Ndinawalalatira zonse zimene ndinasunga kuyambira tsiku la ukwati wawo, mpaka aneba anatseka wailesi kuti amve bwino. Iwo ankangondiyang'ana modabwa, ngati ndapenga ndine. Anati akuthandiza mwana, kunja kuno anthu sakhululuka, ndi bwino amuseke bambo ake kusiyana n'kuti akamuseke alendo. Choipa n'chakuti ankanenadi zochokera pansi pa mtima. Munthu wouma mtima ungakangane naye, koma uyu ankaona ngati wapereka mphatso.

Chete anatenga mapepala atsopano, kukopera zonse ndi dzanja lake lokongola lija, kamawu kalikonse pamalo pake, n'kukaperekanso. Ndinadziwa kuti akuwapatsa mwayi wachiwiri, ndipo ndinakhala pampando wa pakona ndikupemphera chamumtima. Alamu anatembenuzanso tsamba lomaliza. Rula inakwera pang'onopang'ono mpaka pamutu wa nkhani. Anavula magalasi nkhope ikuwala.

"Tsopano palibe cholakwa, mwanangu. Ngakhale chimodzi."

"Bambo, nkhaniyi ikunena za ndani?"

Alamu anayang'ana pepala, kuyang'ana ine, kukanda kumutu. Anati akuona kuti ndi zachipatala, za mayi ake mwina, koma lero amayang'ana chinenero, nkhani yeniyeniyo adzaiwerenga modekha mabuku a sukulu akatuluka. Mwana anatambasula manja onse awiri mwaulemu, kulandira masamba ake, kuwapinda pakati, n'kuthokoza.

Sipanapite nthawi anapeza ntchito m'tauni ina, m'sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Ali komweko mpaka lero, anakwatiwa, ali ndi ana awiri. Cholemba chake tsopano ndi malisiti basi. Bambo ake amawaimbira foni, inde, mwadzuka bwanji, mankhwala mukumwa, chabwino tsalani. Ngakhale uthenga wa pafoni sawalembera. Ndikamufunsa ngati amalembako nkhani amaseka, amvekere mayi aang'ono, zaubwana zimenezo.

Alamu anapuma pantchito makompyuta atadzaza muofesi, kachipinda kawo kaja anaikamo makatoni. Masiku ano amakhala pakhonde, maso achita nkhungu, nyuzipepala amaiyandikiza mpaka pamphuno. Ndimapita kukawachapira ndi kuwasesera, osati chifukwa ndinawakhululukira, koma achemwali akanafuna choncho. Mwezi wathawu ndikuyanika malaya anandiitana, mawu ali pansipansi. Anati ndimuuze mwana atumize masamba aja, nthawi ali nayo tsopano, ndipo ayambira pamwamba.

Mtima wanga wopusawu unadumpha. Ndinapukuta manja pachitenje, kuimba pomwepo, n'kukweza mawu a foni kuti amve okha. Ndinafotokoza zonse, ndikuwonjezera ndi zanga zokometsera. Kumbali inayo kunkamveka kasitomala akufunsa za penti yoyera. Chete analankhula mofatsa, mopanda mkwiyo n'komwe.

"Mayi aang'ono, auzeni asavutike ndi maso awowo. Anawerenga kale kawiri."

Anatsanzika mwaulemu n'kudula. Alamu anakhala manja ali pamaondo, akuyang'ana foni ili m'dzanja langa. Patapita kanthawi anandifunsa ngati ine ndikukumbukako zimene zinalembedwamo. Ndimakumbuka mzere uliwonse. Ndinatola beseni langa n'kubwerera kuchingwe, malaya anali asanathe kuyanika.