Hyacinthe, Amene Tinkamuti Jacinto

Kuno ku Colón tonse tinkamudziwa kuti Jacinto, bambo wamtali wa mphuno yophwanyika amene ankakazinga nsomba pafupi ndi chipata cha doko. Koma kwawo ku Martinique amayi ake anamubatiza kuti Hyacinthe Ursulet. Pakamwa pa anthu akwawo dzinali limamveka kuti Yasenti, lofewa ngati akukuitanira chakudya.

Anabwera ali mnyamata, kutsata bambo ake amene anadzakumba nawo ngalande ya sitima, koma anapeza atamwalira kalekale. Kubwerera chimanjamanja anachita nako manyazi, ndiye anayamba kusenza matumba padoko. Tsiku lina anamenyana ndi mmalinyero wina chifukwa cha chipewa. Don Evaristo, wophunzitsa nkhonya, anali pomwepo, ndipo anaona mmene dzanja lamanzere la mnyamatayo linkatulukira.

"Dzina lako ndani, iwe?"

"Hyacinthe."

"Ndakufunsa dzina, sindinati uyetsemule. Kuyambira lero ndiwe Jacinto."

Mnyamatayo anangoseka, poganiza kuti ndi za tsiku limodzi. Sabata yomweyo anatuma munthu wa pasitima yopita kwawo kuti akawauze amayi ake, amene anthu ankawatchula kuti Man Eudoxie, kuti asadandaule, dzina la mwana wawo adzalimva m'nyuzipepala.

Nkhonya ankazitha ndithu. Anagwetsa amuna kuno, anagwetsa ku likulu, mpaka anayamba kukwera sitima kukamenya kunja. Koma kulikonse kumene ankapita, dzina linkasintha. Kuno zikwangwani zinkati Jacinto Ursule. Ku likulu anali Kid Yacinto. Ku Barranquilla anamulemba kuti Jacinto Orsulé, ndipo ku Guayaquil munthu wina wodziwa Chifalansa cha theka anamukongoletsa kuti Jacinthe, lomwe ndi dzina la akazi. Mnzake Télesphore, wa ku Guadeloupe, amene ankamupukuta thukuta pakona, anaseka mpaka kugwetsa ndowa.

"Achemwali a Jacinthe, siketi mwaiiwala kuhotela? Mulowa m'bwalo ndi kabudula, anthu atani?"

"Tseka pakamwa, ndingayambire iwe."

Atabwerera anapita kwa wosindikiza zikwangwani, dzina atalilemba pachikhatho ndi inki. Mkuluyo analiyang'ana n'kupukusa mutu. "H kumayambiriro, H kumapeto, onse osamveka. Mukufuna zilembo zanga zithere pa inu nokha, bambo? Anthu amagula tikiti ya dzina loti atha kulikuwa."

Choncho nyuzipepala zonena za kupambana kwake sanatumizepo kwawo. Chithunzi munalibe, ndiye akanakhulupirira ndani kuti Orsulé ndi mwana wa Man Eudoxie? Ankangoti adikire tsiku limene adzalembe bwino.

Tsikulo linafika mwa njira ina. Anakumana ndi mnyamata wa ku Cuba, wachangu ngati mavu, amene anamutseka diso kenako n'kumugwetsa osadzukanso belu lisanalire. Mtolankhani wa tsiku limenelo anali wa ku Haiti, wophunzira Chifalansa bwinobwino. M'mawa mwake dzina linatuluka lonse, HYACINTHE URSULET, osaphonya chilembo, pansi pa chithunzi cha munthu atagwada, nkhope ili pansi. Jacinto anagula nyuziyo, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuiponya m'nyanja.

Diso lija silinachire, ndipo nkhonya anasiya. Anakwatira Chabela, mayi wamasiye wa ku Portobelo, wolongolola koma wa mtima wabwino, ndipo anayamba kukazinga limodzi nsomba. Kwawo sanatumizekonso uthenga. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

Imvi zitayamba, tsiku lina mafuta anamuthovukira padzanja ndipo anatukwana m'chinenero cha kwawo. Munthu wina amene ankadikira nsomba anatembenuka. Anali wophika wa pasitima ya ku France, dzina lake Anicet, ndipo atafunsana anapezeka kuti ndi a mudzi umodzi.

"Yasenti? Wa Man Eudoxie? Achimwene, muli moyo?"

Jacinto anakhala pansi pa bokosi. Panali patapita zaka zambiri asanamve munthu akumuitana choncho.

Anicet anamuuza kuti Man Eudoxie anamwalira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Kuwerenga sankadziwa, ndiye sitima ikafika ankapita kwa wogulitsa mankhwala, amene ankalandira nyuzi zakunja, kuti awafufuzire mwana wawo. Mkuluyo ankayendetsa chala patsamba n'kunena kuti palibe, pali Jacinto wina chabe wa ku Colón amene akugwetsa anthu.

"Ndiye iwo ankati chiyani?"

"Ankati, 'Mwana wa eni ake ameneyo. Amayi ake ali ndi mwayi.'"

Chabela anaphula nsomba zimene zinayamba kupserera.

"Koma nyuzi ija ya chithunzi inafika," anapitiriza Anicet. "Anaimata pakhoma pafupi ndi Maria Woyera. Aliyense wolowa ankamuonetsa. Wina akati mwana wanu wagwatu apa, iwo ankakalipa: 'Wagwa kuti? Simukuona kuti akudzuka?'"

Kuyambira tsiku limenelo mtima wake unali kumanda a amayi ake. Anavala jekete n'kupita kukapempha mapepala a ulendo, koma khadi lake la kuno linkati Jacinto Ursule, pomwe buku la ubatizo kwawo linkati Hyacinthe Ursulet. Kalaliki anamuuza mwaulemu kuti abweretse munthu wochitira umboni kuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Sitima ya Anicet inali itanyamuka, Télesphore anali atamwalira, Don Evaristo nayenso. Anayendera nkhaniyo mpaka nsapato zinatha, kenako miyendo inayamba kutupa.

Kunabweranso bambo wina wa ku likulu amene ankalemba buku la ankhonya akale. M'mapepala ake munali amuna atatu: Ursule, Orsulé ndi Ursulet, womalizayu atamenya kamodzi kokha n'kugonja. Jacinto anamufotokozera zonse, ndipo bamboyo anamvetsera mwachifundo, n'kulonjeza kuti akafufuza. Bukulo sitinalione.

Masiku ake omaliza ankakhala pampando kuseri kwa chiwaya, nkhope italoza kunyanja, akumuuza Chabela njira ya kwawo: ukatsika basi patchalitchi, utsetsereke kudutsa pamlatho, nyumba yake ndi ya pansi pa mtengo wa mango, pamene mafunde amamveka ngati ali kukhitchini.

"Mwandiuza kale zimenezo, bambo. Ndikhoza kukafika nditatsinzina."

"Mtengowo kaya ulipobe."

"Ulipo. Mango safa msanga. Imwani msuziwu usanazizire."

Anamwalira nthawi ya mvula, ndipo onyamula katundu padoko ndiwo anasenza bokosi lake. Chabela anapitiriza kukazinga nsomba pamalo pomwepo mpaka mwana wake wamkazi anadzamutenga kupita naye ku Portobelo.